Masokosi a Mesenjala

"Awanso ndi odula," anatero azakhali a Ursula, atalowetsa dzanja m'masokosi, zala n'kutulukira kunsi. "Munthu wopuma ntchito ku Kapitolo, wopanda masokosi athunthu? Tigawana chiyani pano?"

Linali tsiku logawa zovala za malemu Nebert Mhango, abale atangobwera kumene kokaika maliro ku Rumphi. Pabalaza la nyumba ya ku Area 15 panali milu ya majekete ndi mataye, ndipo anthu amene pamanda ankalira mpaka kukomoka tsopano anali kuyesa nsapato.

Leticia, mwana wamkazi wa malemuwo, zinamunyansa, n'kutulukira kuseri. Pakhonde panagona Mesenjala, galu wa bambo ake, amene kale ankawatengera nyuzi kugeti. Miyendo yonse inayi inali yotupa, yolimba ngati misi ya mtondo, ndipo inavekedwa masokosi otuwa a ku ofesi.

Mchimwene wake Frazer anamutsatira, foni ili m'manja.

"Galuyu aphedwe lero, sisi. Azakhali akuti chimene chinatenga adada chinadzera mwa iyeyu. Ine za ufiti sindikhulupirira, koma kwanga sangapondeko."

"Adada sanathe n'komwe sabata m'manda, iwe wayamba kale kusesa?"

"Ndiye mutengeni inuyo, kwanu ku Area 9 kuli udzu wabwino."

Leticia anamunyamula yekha galuyo, n'kumugoneka kumbuyo kwa galimoto. Dokotala wa ziweto wa ku Old Town, mayi wa imvi, anamuzindikira galuyo Leticia asanamutsitse n'komwe.

"Uyu ndi wa a Mhango. Bwanji sanabwere okha?"

Atamva za maliro, dokotalayo anasisita mutu wa galu.

"Muchiritse miyendoyi, adokotala," anatero Leticia.

"Vuto si miyendo, mayi. Ali ndi chotupa m'mapapo. Nthenda ikakhala m'chifuwa, nthawi zina mafupa a miyendo amayamba kumera fupa lina pamwamba. Bambo anu ndinawauza chaka chatha, titamujambula. Chotupacho chinali chitafalikira kale."

"Amadziwa?"

"Amadziwa. Tsiku lomwelo anandionetsa zala zawo, zitatupa kunsonga, n'kufunsa ngati kwa anthu zimachitikanso. Ankatsokomola. Ndinawauza kuti ine ndine wa ziweto, athamangire kuchipatala, ndipo auze ana awo. Anaseka, amvekere, ana anga ndi otanganidwa, ndisawasokoneze."

Leticia anapsa mtima, osadziwa woti amupsere. Zala zimenezo anaziona pa Khirisimasi, n'kunena kuti ndi ukalamba. Mawa lake anatumiza dalaivala ndi mafuta opaka. Area 9 ndi Area 15 ndi pafupi, koma iye ankayendera bambo ake pafoni.

"Galuyu akumva ululu kwambiri," anapitiriza dokotala. "Bambo anu anapempha kuti ndidikire, ndisamuphe kaye, akuti sangathe kudzuka m'mawa pakhonde palibe wowayang'ana. Pano palibenso chodikira."

Ndiye kuti Frazer ananena zoona, ndi mtima wake woumawo. Zimenezi n'zimene zinamuwawa koposa.

"Mawa," anatero Leticia. "Lero akagone kwawo."

Atafika anapeza kugawana kwatha. Pamwamba pa mulu wa Frazer panali masokosi akuda a kutchalitchi, okhawo athunthu. Leticia anawatenga, natenganso sizasi m'kabati.

"Amenewo ndi anga," anatero Frazer.

"Ukagule."

Azakhali anayamba zoti ana a masiku ano alibe mwambo, Leticia n'kutseka chitseko.

Pakhonde anagwada, n'kuyamba kuvula galu masokosi akalewo pang'onopang'ono. Mesenjala anabuula, nanyambita dzanja lake. Apo ndi pamene anaona kuti m'mphepete modulidwamo munali mopinda ndi mosoka, kuti ulusi usakole zikhadabo. Kasokedwe kake kanali kokhotakhota, kwina kotalikirana, kwina kobwerezabwereza, ka munthu amene zala zake zinkakana kugwira singano.

Leticia anaika sizasi pansi, n'kumuvekanso galuyo masokosi omwewo.