Mbatatesi Zovala Magalasi

Mzukwa wachinayi unasweka m'chiwaya, ndipo amake Mzime anaponya supuni pansi. Alendo anali pafupi kufika. Mwana wawo, Mzime, anali atapempha chinthu chimodzi chokha pa phwando la tsiku lake lobadwa: mbatatesi zokazinga zooneka zoopsa, zoti anzake akuwe kenako aseke.

Nkhaniyi inali yaikulu kwa mayiwa. Ana a mumsewu wonse ankasewera m'nyumba zina zonse, koma pakhomo pawo ankangodutsa ngati pali galu wolusa. Mzime ankalira nazo. Amake analumbira kuti lero ana adzadzaza nyumba, ndipo mawa adzabweranso okha.

Koma mizukwa yawo inkangokhala phala. Mileme inathothoka mapiko, zigaza zinkaoneka ngati mabatani a jekete.

"Mutu umodzi susenza denga, amake mwana," anatero amuna awo, wosoka nsapato, atasuzumira pakhomo la khitchini. "Ine tsiku lililonse ndimasema zidendene. Mbatatesi ingandikanike?"

"Kampeni kanuko mukatsuke kaye! Ana a eni asadye guluu."

Mayiwa anawasiyira beseni la mbatatesi n'kupita kukapachika mabaluni. Ali pampando, ankamva bambo ndi mwana akunong'onezana.

"Choopsa chenicheni chimaoneka bwanji, mwana wanga? Uzindiuza, ine ndizisema."

"Pachipumi pakhale mizere itatu. Nsidze imodzi ikwere m'mwamba. Ayi adadi, ya kumanzere! Kukamwa kupotokere uku."

"Chonchi?"

"Eya! Koma chikusowa magalasi. Akhale kunsonga kwa mphuno."

Wosoka nsapato anadula anyezi mozungulira, n'kumata timagalasi tiwiritiwiri ndi ufa wonyowa. Penapake anasiya kuyankhula, n'kuyamba kutsokomola chifuwa chachilendo. Amake Mzime anakuwa ali pabalaza kuti asatsokomolere chakudya.

Ana anafika atagwirana manja, ena akukankhidwa ndi amayi awo. Anakhala pamphasa mwaulemu ngati ali kuchipatala. Amake Mzime anakazinga okha mbatatesizo, ndipo mtima unakhala pansi. Zinatuluka zofiirira bwino, zosasweka, zoopsa ndithu moti iwo omwe anachita nazo nthumanzi. Anazinyamula m'mbale yaikulu monyadira.

"Nazi zilombo zanu! Ndani wolimba mtima ayambe?"

Palibe anatambasula dzanja. Kamtsikana ka mayi wogulitsa mazira kanayang'ana m'mbale, kanayang'ana mwini nyumba, kanayang'ananso m'mbale.

"Amenewa si amake Mzime awa?"

Mayi wa mazira anatsina mwana wake, koma mapewa ake omwe ankagwedezeka. Mayi wina anathamangira panja akuti wasiya madzi pamoto, chonsecho kwawo n'kutali.

"Ukuti chiyani iwe?" anafunsa amake Mzime. Chipumi chinachita tsinya, nsidze ya kumanzere inakwera, ndipo anamuyang'ana mwanayo pamwamba pa magalasi.

"Ndi omwewo!" anakuwa ana onse pamodzi.

Pakhoma panali kalilole wamkulu, ndipo mayiwa anadziona atanyamula mbale. Nkhope inali imodzi m'mwamba, zinzake zambirimbiri m'munsi, zonse za mtundu umodzi. Manyazi anawagwira. Anatembenukira amuna awo, amene anali atabisala kuseri kwa chitseko.

"Ine ndine mmisiri chabe," anatero bamboyo. "Kasitomala akanena saizi, ine ndimangodula."

Mzime anayandikira amake. "Adadi anati ndinene choopsa chenicheni, amama. Sindikudziwa china."

Mawu amenewo anawalasa kuposa kuseka kwa azimayi aja. Zaka zonsezi ankati ana a mumsewu ndi amwano, osadziwa kuti galu wolusa wa pakhomopo anali iwo. Ndipo mwana wawo yemwe ankagona m'nyumba imodzi ndi galuyo.

Anaika mbale pansi, n'kutola mbatatesi imodzi. Anaiyang'anitsitsa.

"Mphunoyi mwaikulitsa, bambo a Mzime. Tikambirana alendo akapita." Atatero anailuma chipumi chonse. "Koma mayi ameneyu ndi wokoma, ana inu. Mudyeni msanga asanakukalipireni!"

Ana anaigwera mbale ija. Wina ankakuwa kuti wadya magalasi, wina ankayendetsa mbatatesi yake pamphasa akuikalipitsa kuti, "Nsapato panja!" Mzime anaseka mpaka kugwa chagada. Amake anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anamumva akuseka choncho iwo ali pomwepo, koma sanalipeze.

Mawa lake masana kunamveka kugogoda. Anali kamtsikana ka mazira kaja ndi anzake, akufunsa ngati Mzime alipo. Analowa chothamanga, nsapato zamatope zili kuphazi, n'kuponda pakapeti yochapa dzulo.

Amake Mzime anamva nsidze ya kumanzere ikunyamuka yokha. Anaigwira ndi chala, n'kuibwezera pansi, ndipo anapita kukatenga chokolopera.