Maliro Anamvekera M'minibasi

"Pinda nsaluzo, Sungeni, tizipita. Amayi ako sanagone bwino."

A Gervazio ananena mawuwa ataima pakhonde la sitolo ina pa Dedza boma, pomwe mwana wa mlongo wawoyo ankasokera zovala. Maso awo sanali pa Sungeni. Ankayang'ana makina osokera ngati kuti akulankhula ndi makinawo.

"Adwala chiyani, amalume? Dzana lomweli ndimacheza nawo pafoni, amaseka bwinobwino."

"Chifuwa. Ukudziwa kuzizira kwa Juni kuno. Akungofuna akuone basi."

Linali bodza. A Bernadetta, mayi ake a Sungeni, anali atamwalira m'mawa wa tsiku lomwelo kumudzi kwawo kufupi ndi Kasina. Anatuluka kuti akasese pabwalo, anagwa pakhomo, osadzukanso. Abale atakhala pansi anagwirizana chimodzi: Sungeni asamve pafoni. Anali mwana mmodzi yekhayo, ndipo bambo ake atamwalira zaka zinayi zapitazo, wina anangomuimbira mosaganiza, iye n'kukomoka pakati pa msika. Ulendo uno anafuna kuti akamvere pakhomo, pali amayi omugwira. Ndi mmene zimakhalira: wakutali amauzidwa kuti matenda akula, zenizeni amakazipeza kumudzi.

Ntchito yokamutenga inagwera a Gervazio poti ndiwo anali eni mbumba, ndipo anaigwira ndi ukali. Asananyamuke anasonkhanitsa achinyamata a pamudzi n'kuwaloza chala mmodzimmodzi.

"Ndikangomva kuti wina waika chithunzi cha mlongo wanga pa Watsapu, foni yakeyo ndikaiponya m'chimbudzi ndi manja angawa!"

Ngakhale pakhonde paja nzeru sizinawathere. Sungeni akutseka makina, iwo anatambasula dzanja.

"Tandibwereke foni yako, yanga yatha mayunitsi."

Anaizimitsa mwakachetechete n'kuiika m'thumba la jekete. Mumtima anadziyamikira kuti atseka mipata yonse.

Mpata umene anauiwala unali m'thumba linalo. A Gervazio ankagula mbatata ya kachewere kwa alimi n'kumaitumiza ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo foni yawo inkadziwika kuposa eni ake. Ikamaitana inkayamba ndi ng'oma zaphokoso, kenaka mawu a munthu wofuula kuti, "Abwana, foni! Abwana, foni!" Inalirapo m'tchalitchi pa nthawi ya ulaliki, inalirapo pamzere wa kuchipatala. Ndipo kukhutu sinkafika. Iwo ankaiika pa laudi n'kuigwira patsogolo pa kamwa ngati mbale, kuti aliyense amve kuti matumba makumi atatu anyamuka. Chala chawo chachikulu chinkapita chokha pabataniyo, osadikira kutumidwa.

M'mawa uja akazi awo, a Monika, anawatsatira mpaka kumsewu, maso ali ofiira.

"Foniyo muizimitse, bambo."

"Ndiizimitse bwanji, zonse za pano zikudutsa mwa ine?"

"Ndiye muziiika kukhutu ngati anthu ena onse."

"Ndine mwana ine?"

Pa depoti Sungeni anaumirira kugula malalanje ndi mankhwala a chifuwa. Ankasankha limodzilimodzi, kulifinya, kulinunkhiza, ponena kuti amayi ake sakonda owawasa. A Gervazio anayang'ana kumbali. Womwalirayo anali mlongo wawo weniweni, amene anawabereka kumsana ali khanda, ndipo chiyambire m'mawa anali asanapeze mpata womulira.

Anakwera minibasi yopita ku Lilongwe kuti akatsikire pa Linthipe. Inadzaza mpaka pakhomo. Sungeni anakhala pawindo, malume ake pambali pake, ndipo kumbuyo kwawo kunali mayi wina wonenepa atanyamula dengu la nsawawa pamiyendo.

Asanapite patali ng'oma zija zinayamba. "Abwana, foni! Abwana, foni!"

"Abwana, yankhani, antchito akuvutika," anatero kondakitala, anthu n'kuseka.

Anali wogula mbatata wa ku Blantyre. A Gervazio anakangana naye za kukula kwa matumba, minibasi yonse ikumvetsera, mpaka mayi wa nsawawa uja anawagwira paphewa.

"Bambo, mbatatayo tagula nawo tonse? Poti mtengo taudziwa, ndi dzina la dalaivala talidziwa."

Anthu anasekanso. A Gervazio nawo anamwetulira, ndipo kunena zoona zinawakomera. Kwa kanthawi kochepa anaiwala chimene ananyamula mumtima. Sungeni anangopukusa mutu.

"Amalume inu simudzasintha."

Phiri la Chongoni litayamba kuonekera bwino, foni inaliranso. Nambala inali yachilendo. A Gervazio anaganiza kuti ndi wogula wina, ndipo chala chija chinachita ntchito yake.

"Halo! Gervazio pano, lankhulani!"

"Alamu, ndine Zikhalo, foni yanga yatha moto ndabwereka ya eni. Kalipentala akufunsa kuti bokosi la malemu a Bernadetta likhale la matabwa a paini kapena..."

A Gervazio anathamangira kudula. Foni inapulumuka, inagwa pansi n'kulowa kunsi kwa mpando, pakati pa mapazi ndi katundu. Kumeneko inapitiriza kulankhula momveka bwino.

"Halo? Mukundimva? Thupi tasambitsa kale. Koma mwanayo musamuuze m'njira, alamu, mwamva? Adzamvere konkuno."

Palibe anaseka. Dalaivala anazimitsa wailesi. A Gervazio anali atagwada pakati pa mipando, akupapasa pansi ngati nkhuku yofukula, mpaka mnyamata wina anaiponda foniyo mwangozi, iyo n'kukhala chete.

Sungeni anawayang'ana.

"Amalume, Bernadetta wake uti?"

Iwo anaweramitsa mutu.

Kulira kumene kunatuluka mwa Sungeni kunachititsa dalaivala kuponda buleki. Malalanje anamwazika. Ankamenya galasi ndi chipumi, akuitana amayi ake, akufuna kutuluka pawindo galimoto ikuyenda. Amene anamugwira sanali malume ake. Anali mayi wa nsawawa uja, amene anapatsira dengu munthu wina, n'kumukumbatira kuchokera kumbuyo, n'kuyamba kulira naye pamodzi ngakhale sankadziwa n'komwe dzina lake.

"Bambo inu," anatero mayiyo akuwayang'ana a Gervazio pamwamba pa mutu wa Sungeni, "Mulungu akukhululukireni."

Pa Linthipe anamutsitsa atamugwira mbali zonse. Sungeni anakhala pansi m'mbali mwa msewu, amayi ogulitsa tomato ndi kabichi n'kusiya malonda awo kudzamuzinga. Analira pamenepo maola awiri athunthu, pafumbi, magalimoto akudutsa, anthu akusuzumira m'mawindo. A Gervazio anaima chapatali chipewa chili m'manja. Manyazi ndi chisoni zinawapanikiza pamodzi moti sanadziwe cholira. Pamene ankakwera njinga zamoto zopita ku Kasina, Sungeni anali atasasa mawu kotheratu, misozi itauma, nkhope ili gwa.

Kumudzi amayi anayi anali akudikira panjira yolowera, monga anapangana, kuti Sungeni akangoona khamu la anthu n'kuyamba kulira amugwire. Sungeni anatsika panjinga, anawadutsa, analowa m'nyumba n'kukhala pansi kumutu kwa amayi ake. Sanalire. Amayi amene anali atakonzeka kumulandira ndi maliro anayamba okha, koma ataona kuti mwini wake ali duu, analekeza m'njira n'kumayang'anana.

A Monika anawakokera amuna awo kuseri kwa nkhokwe.

"Wamva kuti mwanayu?"

"Kaya. Mwina anangozindikira yekha."

"Bambo, ndiyang'aneni."

"Ndati kaya! Ndili ndi zambiri zochita."

A Zikhalo nawo sanadziwe kuti mawu awo anamveka ndi minibasi yonse. Choncho nkhaniyo inatsala ndi anthu awiri: wina wopanda mawu, wina wosafuna kulankhula.

Kutacha, tsiku loika maliro, a Gervazio ankadutsa kuseri kwa nyumba kumene amayi ankaluka nkhata za maluwa. Anamva dzina la Sungeni ndipo anachepetsa liwiro. Amene ankalankhula anali a Victoria, msuweni wa malemu, mayi wa pakamwa posachedwa.

"Ine ndakula, koma mwana wofika pamaliro a mayi wake maso ali gwa sindinamuonepo. Osadzidzimuka n'komwe. Anauzidwa ndani? Ankadziwa kale ameneyu."

"Mwina ndi za m'tauni," anatero wina.

"Tauni yake iti, pa Dedza pomwepa? Inu simukuona? Chaka chatha makina amodzi, chaka chino awiri, ndi wantchito pamwamba. Munthu wabwinobwino n'kungogwa pakhomo ngati nkhuku ya chitopa? Bizinesi zinazi zimadya anthu."

"Aaa, a Victoria, musatero."

"Ine sindinanene kanthu. Ndangofunsa."

A Gervazio anaima pomwepo. Mawu oterowo ankawadziwa mayendedwe ake. Amayamba ngati funso kuseri kwa nyumba, pofika madzulo ndi nkhani ya mudzi wonse, ndipo pakatha chaka mwanayo sangathenso kuponda pamudzi pa amayi ake popanda ana kumuthawa. Atasuzumira m'nyumba anaona kuti zayamba kale. Pamphasa pamene panakhala Sungeni panali malo mbali zonse ziwiri, pomwe kwina konse amayi anali othithikana. A Monika okha ndiwo anali naye pafupi.

A Gervazio anapita kukaima kuseri kwa khola. Anadziuza kuti nkhani za amayi zimatha zokha. Anadziuzanso kuti tsiku la maliro si tsiku loyalutsana, ndiponso kuti munthu amene dzulo lomweli ankaopseza ana ndi chimbudzi sangaime pagulu n'kunena kuti wolakwa ndi iye. Zifukwa zinalipo zambiri ndipo zonse zinali zomveka, koma palibe ndi chimodzi chomwe chinawapepuza mumtima.

Dzuwa litakwera, bokosi linatulutsidwa pabwalo. A kwaya anaimba, akatekisiti anatsogolera mapemphero, kenaka woyendetsa mwambo anaitana woimira banja. A Gervazio anaimirira ndi kapepala kamene analembapo mbiri ya malemu. Anawerenga chaka chobadwa, chaka cha ukwati, za ntchito yawo mu mphakati wa mpingo. Atafika pa mawu oti asiya mwana mmodzi, anaima. Anapinda kapepalako.

"Pali china chimene sichinalembedwe apa," anatero. "Ndamva anthu akufunsa kuti bwanji Sungeni sanalire amayi ake. Analira. Ine ndinalipo. Analira kuyambira pa Chongoni mpaka pa Linthipe, analira pafumbi m'mbali mwa msewu mpaka mawu kutha. Amene anamugwira ndi amayi ogulitsa tomato, anthu osawadziwa, chifukwa cha ine."

Anatembenukira kwa abale.

"Munandituma kuti ndimubweretse asanamve. Akazi anga anandiuza kuti ndizimitse foni, ndinakana. Alamu anga a Zikhalo anaimba kufunsa za bokosi, ine n'kuika pa laudi m'minibasi monga ndimachitira masiku onse, kuti anthu azindiona ngati munthu wofunika. Mwanayu anamva za imfa ya mayi wake kuchokera pansi pa mpando. Dzulo nditafunsidwa ndinanama. Ndiye amene ali ndi mawu, asamunene mwanayu. Anene ine."

Anafuna kuwonjezera zothokoza anthu obwera, monga mwa mwambo, koma sanathe. Kulira kumene anakusunga chiyambire dzulo kunawagwira pomwepo, bambo wamkulu, pamaso pa akazi ndi ana. A Zikhalo anawagwira mkono n'kuwakhazika pansi, ndipo mawu otsala a banja anamaliza ndi iwowo.

Kumbali ya amayi kunayamba kusuntha. Mmodzi anasendera kwa Sungeni, wina n'kutsatira. A Victoria anakhala kaye akuyang'ana pansi, kenaka ananyamuka, anavula mpango wawo waubweya n'kumufunditsa mwanayo pamapewa. Popita kumanda Sungeni anayenda pakati pa amayi, atamugwira uku ndi uku.

Pobwerera, anthu akusamba m'manja, a Gervazio anamupeza atakhala pakhonde la nyumba ya amayi ake. Anakhala pansi chapatali pang'ono, ngati mlendo.

"Sungeni, mwana wanga, ndinakulakwira."

Sungeni anatembenukira kwa iwo. Mawu ake atatuluka anali a manong'onong'o, moti a Gervazio anachita kusendera ndi kutchera khutu kuti amve.

"Ndamva zimene mwanena paja, amalume. Zikomo." Anakonza mpango pamapewa. "Koma amayi anga ndinawalirira pamsewu, kwa anthu achilendo. Pano ndafika ndilibe chowapatsa."

A Gervazio anakhalabe pomwepo mutu uli pansi. Patapita kanthawi a Monika anatuluka, anamugwira Sungeni padzanja n'kulowa naye m'nyumba, ndipo palibe anawaitana kuti alowe nawo.