Mapepala a Madontho

Mayi anali kupakira mchere wogulitsa m'beseni pamene mwana wawo wamkazi anatulukira kuchipinda, nsapato imodzi kuphazi.

"Amayi, mapepala anga anali pansi pa matiresi aja ali kuti?"

"Olembedwa ndakuikira patebulo. Enawo ndakulungira mchere."

"Enawo ati?"

"Amadontho okhaokha aja. Si olakwika kodi?"

Mtsikanayo anakhala pansi pomwepo. Masabata atatu ankatsalira kusukulu, kutayipa pa kompyuta ya aphunzitsi a sayansi, ndipo mpikisano wa sayansi umene ankaukonzekerawo unali m'mawa womwewo. Wopambana ankapita kusukulu yogonera konko. Mayi ankadziwa zimenezo. Chimene sankadziwa n'chakuti madontho nawonso amawerengedwa ngati ntchito.

"Taonani," anatero mwanayo, akuyala otsalawo pansi. Pa pepala loyamba panali mawu akuti DZUWA, zilembo zikuluzikulu ngati zidina, ndipo kumapeto kwake kuti dziko, tizilembo tonga nyerere. "Pepala limodzi ndi mtunda wochoka kudzuwa kufika kuno tili. Dziko lina lija la Jupita lili pa lachisanu. La Nepichuni, lakutali kwambiri, pa la makumi atatu. Pakati ponsepo ndi madontho, kuti oweruza ayende ndi miyendo yawo m'holo, amve kutalika kwake."

"Ndiye ungowasendeza pafupi. Akhale moyandikana ngati anthu."

"Likhala bodza, amayi."

"Bodza lake liti? Alipo anapitako kukayeza ndi chingwe?"

Mwanayo sanaseke. Mayi anagwada, n'kuyamba kumasula timapaketi m'besenimo. Pepala lililonse anali ataling'amba panayi, ndipo mchere unali utanyowetsa inki. Mapepala ambiri anapita dzulo, ali m'makhitchini a ogula mchere.

"Madzi akatayika saoleka," anatero Mayi, mawu ali pansi. "Komanso iwe, chinthu chofunika amabisa pansi pa matiresi osanena? Ine ndilote?"

"Ndinkafuna mudzaone chitatha."

Panja belu la sukulu linamveka patali. Mtsikanayo anavula nsapato ija, natola pepala la Nepichuni, n'kuliika pamwamba pa beseni.

"Kulungiraninso ili."

Mayi analiyang'ana nthawi yaitali. Koma dzuwa linali litakwera, ndipo pamsika malo salindira munthu. Analipinda pakati, naling'amba.