Envulopu ya M'thumba la Jekete

Radwan Shazli anagwira ntchito yokonza zipinda m'sitima zonyamula alendo pa mtsinje wa Nailo kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Sitima inkakwera masiku anayi kuchokera ku Luxor mpaka ku Aswan, n'kutsika masiku atatu, kenaka n'kuyambiranso. Zipinda zimene Radwan ankakonza zinali khumi ndi zinayi, ndipo alendo ankamukonda chifukwa cha manja ake. Ankatha kupinda matawulo awiri n'kukhala ng'ona yoyasamula pabedi, itavala magalasi a mwini chipinda. Tsiku lotsika, mlendo aliyense ankamufumbatitsa kangachepe pogwirana chanza, kapena kusiya envulopu pansi pa pilo. Malipiro a pamwezi anali ongoti munthu asafe ndi njala. Nyumba yake ya ku Silwa, ya njerwa zofiira, inamangidwa ndi maenvulopu amenewa.

Pansi penipeni pa sitima, moyandikana ndi injini, m'chipinda chodzaza nthunzi, munkagwira ntchito mnzake Bakhum, wochapa ndi kusita. Mlendo sankamuona Bakhum, choncho panalibe womufumbatitsa kanthu. N'chifukwa chake alendo akatsika, Radwan ankapita kumusiko n'kumugawirako zimene walandira.

“Tenga, iwe chule wa m'madzi otentha,” ankatero.

“Bwera nazo kuno, wopemphetsa wovala taye,” Bakhum ankayankha, uku akupukuta manja m'malaya.

Anakhala choncho zaka zambiri. Radwan akamasala m'mwezi wa Ramadani, Bakhum sankamwa tiyi pamaso pake. Bakhum akamasala kudikira Pasaka, Radwan ankauza ophika kuti nyemba za mnzakeyo asathiremo batala.

Chaka chimenecho eni sitima anatumiza manijala watsopano wochokera ku Cairo, bwana Medhat, munthu wa zaka zochepa koma wosaseka wamba. Anasonkhanitsa antchito onse m'chipinda chodyera.

“Kuyambira ulendo uno,” anatero, “ndalama yothokoza izilowa yokha pa bilu ya mlendo, tsiku lililonse, afune asafune. Mwezi ukatha muzigawana nonse, kuyambira woyendetsa sitima mpaka wosenda mbatata. Zotambasula dzanja zatha. Alendo atopa n'kumazunguliridwa ngati nyama pamsika. Wina akakukakamizani kulandira kanthu, mukapereke ku ofesi. Amene apezeke atabisa, atsika pa doko lotsatira ndi chikwama chake.”

Mwezi utatha, gawo la Radwan linali lochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene anazolowera. La Bakhum linali lalikulu kuposa chilichonse chimene anagwirapo m'manja. Radwan ankadziwa kuti zimenezi n'zachilungamo, ndipo ankatero pakamwa, koma mumtima zinkamuwawa. Alendo tsopano ankatsika osamuyang'ana n'komwe, poti anali atalipira kale. Kumusi kuja anasiya kupitako pafupipafupi, chifukwa sankadziwa kuti akaimako bwanji chimanjamanja.

“Wasowa bwanji, bambo a Taha?” Bakhum anamufunsa, pomutchula ndi dzina la mwana wake, m'mawa wina akudya nyemba ndi mkate kumbuyo kwa sitima. “Kapena nthunzi yanga yayamba kukununkhira?”

“Anthu olemera sitiwayendera popanda kuitanidwa.”

“Choka apa! Ndagula nsapato imodzi yokha, iwe wayamba kale nsanje.” Bakhum anaseka, n'kumukankhira anyezi. Radwan anaseka nawo, koma pang'ono chabe.

Mu Januwale kunabwera mayi Hannelore, a ku Austria. Zaka zisanu ndi zinayi zotsatizana iwo ndi amuna awo ankakwera sitima yomweyo, n'kumapempha chipinda chomwecho cha Radwan. Ulendo uno anabwera okha. Radwan sanafunse kanthu. Anangoona chikwama chimodzi, ndipo anachotsa mwakachetechete kapu yachiwiri pa tebulo. Ng'ona sanapinde, poopa kuti zioneka ngati chipongwe pa munthu wolira. Tsiku lachiwiri mayiwo anamuimitsa m'khonde.

“Radwan, ng'ona yanga ili kuti?”

Anawapindira, n'kuiveka chipewa chawo cha dzuwa. Podutsa pakhomo pambuyo pake anamva mayiwo akuseka, kenaka kusekako kunasanduka kulira, iye n'kupitirira mwakachetechete ndi tsache lake.

M'mawa wotsika, ku Aswan, mayiwo anamuitanira m'chipinda. Anali ndi envulopu yoyera, yosalembedwa dzina.

“Amuna anga anakonza okha ali m'chipatala,” anatero pang'onopang'ono, kuti amve bwino. “Anati ndikupatse m'manja mwako.”

“Mayi, pepani, masiku ano n'zoletsedwa. Zonse mwalipira kale pa bilu.”

“Bilu ndi ya kampani. Iyi ndi ya amuna anga, Walter.”

Radwan anakana kawiri. Kachitatu mayiwo anangoiika okha m'thumba la jekete yake yoyera, n'kusisita thumbalo. Radwan anawanyamulira chikwama mpaka kumtunda. Pobwerera anadutsa pakhomo pa ofesi, anachepetsa liwiro, koma sanalowe. Anadziuza kuti mphatso ya munthu wakufa siyogawana ndi anthu makumi asanu ndi awiri amene sanamudziwe.

Masana alendo atsopano anayamba kukwera. Radwan anaima pakhomo ndi thireyi ya matambula a madzi ofiira a chidede. Mlendo wina wonenepa, akubwerera chafutambuyo kuti ajambule mkazi wake, anamugunda, ndipo madziwo anakhuthukira pa jekete yonse. Bwana Medhat anali pomwepo.

“Vulani msanga, bambo Radwan, mukuoneka ngati wopha mbuzi. Bweretsani kuno.”

Radwan anavula. Kutulutsa envulopu pamaso pa bwanayo sakanatha. Anangoyang'ana jekete ikuponyedwa m'dengu la zochapa, dengulo n'kutsika kumusi. Anafuna kulitsatira, koma alendo ankangobwerabe, aliyense wofuna kusonyezedwa chipinda chake.

Bakhum anali ndi chizolowezi chopisa m'matumba asanaviike chovala. Anaipeza envulopu ija, ndipo jeketeyo anaizindikira, poti batani lachitatu anasokerera yekha ndi ulusi wosiyana. Anaiika m'thumba la malaya ake kuti akamupatse mwini wake. Mwatsoka, tsiku losinthana alendo ndi limene bwana Medhat ankakonda kuchita chipikisheni modzidzimutsa, ndipo tsiku limenelo anayambira kumusi.

Dzuwa lisanalowe, antchito onse anaitanidwa m'chipinda chodyera. Bakhum anaima kutsogolo, manja ake otuwa ndi sopo ali lende. Envulopu inali pa tebulo, ndalama za ku Ulaya zikuonekera.

“Munthu uyu sakumana ndi alendo,” anatero bwana Medhat. “Palibe angamupatse kanthu. Ndiye ndalama izi zachokera kuti, ngati si m'matumba a zovala za alendo? Bambo Bakhum, ndikufunsaninso.”

“Ndaipeza m'zochapa, bwana.”

“Zochapa za ndani?”

“Zovala ndi zambiri, bwana. Sindinaonetsetse.”

“Nanga bwanji simunabwere nayo ku ofesi?”



Bwana Medhat anatembenukira kwa onse. “Alipo amene akuidziwa envulopu iyi?”

Radwan anayamba kuwerengera mumtima. Anali atatsala ndi miyezi khumi ndi inayi kuti apume pa ntchito ndi kulandira penshoni. Mwana wake wamkazi, Nagat, ukwati wake unali utakonzedwa kuti uchitike nzimbe zikadulidwa. Anaganiza kuti alankhula bwanayo akafunsa kachiwiri. Bwanayo sanafunsenso. Nthawi yonseyi Bakhum sanayang'ane kumene kunali Radwan, ngakhale kamodzi.

Mawa lake masana sitima inaima pa Kom Ombo. Alendo anatsika kukaona kachisi, ndipo Radwan anaikidwa pakhomo ndi timatawulo tozizira towapatsa pobwera. Ali pomwepo anaona Bakhum akutuluka pa khomo la antchito, chikwama paphewa, m'khwapa atapanira chithunzi cha Georgi Woyera chimene chinkakhala pamwamba pa simbi yake. Chikwamacho chinali cholemera, ndipo Bakhum anali ndi bondo lovuta. Anakwera masitepe a doko pang'onopang'ono, akupuma pa sitepe iliyonse yachitatu. Radwan akanatha kusiya thireyi kwa mnzake n'kuthamanga. Anaopa kuti anthu aona n'kuyamba kufunsa. Anaima pomwepo mpaka Bakhum anazimirira pakati pa ogulitsa nsalu.

Anapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu, sitima ikudikira kudutsa pa chipata cha madzi ku Esna, analowa mu ofesi n'kutseka chitseko.

“Bwana, envulopu ija inali yanga. Anandipatsa mayi a m'chipinda 214. Bakhum sanabe.”

Bwana Medhat anavula magalasi n'kutikita m'maso kwa nthawi ndithu.

“Bambo Radwan, ine sindinamve chilichonse.”

“Ndibwerezenso, bwana?”

“Kalata inapita kale ku Cairo. Mukufuna ndilembe ina yonena kuti ndinachotsa munthu wosalakwa? Iyeyo sabwerera, poti anabisa ndalama ndipo anandinamiza. Inuyo mungomutsatira basi. Ndiye ndataya anthu awiri pakati pa nyengo ya alendo, ndipo palibe wapindula. Bwanji simunanene tsiku lija ndikufunsa?”

Bwanayo anavalanso magalasi ake.

“Pitani mukagwire ntchito. Muli ndi ana.”

Ndalama za m'envulopu muja zinaphatikizidwa ndi zothokoza za mwezi umenewo, ndipo aliyense analandirako gawo lake. Radwan nayenso anasainira lake.

Mu Meyi, kutentha kutafika poti alendo achepa ndipo sitima yamangiriridwa pa doko, Radwan anakwera minibasi kupita kwawo kwa Bakhum, mudzi wina kufupi ndi Naqada. Ananyamula shuga, tiyi ndi zipatso za kanjedza za pakhomo pake. Anamupeza m'kashopu ka munthu wina m'mbali mwa msewu, akusita mikanjo ya anthu a m'mudzimo. Anali ataonda. Mbiri ya wochapa wakuba inali itayenda m'madoko onse, ndipo panalibe sitima kapena hotela yofuna kumulemba.

“Mwafika, bambo a Taha,” anatero Bakhum, n'kuimika simbi. “Tiyeni kunyumba, kuno kulibe pokhala.”

Mkazi wake, Teriza, anamulandira Radwan ndi manja awiri. Anayala mkeka watsopano, anabweretsa tiyi, mkate wotentha ndi uchi wa nzimbe.

“Mulungu akudalitseni, achimwene,” anatero mayiyo. “Pa anthu onse a m'sitima muja, ndinu nokha mwabwera kudzationa. Inu mukuwadziwa bwino amuna angawa, bambo a Milad. Angabe awa? Zaka zonsezi sanabwerepo ndi sopo wa kuntchito n'kamodzi komwe. Ndiye anthu onse aja, osapezeka ngakhale mmodzi wowaikira kumbuyo? Kutchalitchi anawalanda makiyi a mosungira zinthu. Akuti n'kungofuna kuwapumitsa, koma ife si ana.”

Radwan anatsegula pakamwa, koma Bakhum anamudula.

“Teriza, mlendo wabwera kudzamwa tiyi. Kaone nkhunda zija pamoto.”

Mayiyo anatuluka. Panja bulu ankalira.

“Sunamuuze,” anatero Radwan.

“Ndimuuze kuti zitani?”

“Ndinapita kwa Medhat. Ndinaulula zonse. Anakana kumva.”

“Ndinamva. Wophika wina wa m'sitima anandiimbira foni.”

“Bakhum, m'bale wanga, ndinachita mantha. Ndikhululukire.”

Bakhum anazunguza tambula yake ya tiyi pa mkeka.

“Tsiku lija m'chipinda chodyera sindinkafuna kuti mulankhule,” anatero. “Ndinkapemphera kuti mukhale chete. Mukanalankhula tikanatsika tonse awiri, ndiye phindu lake n'chiyani? Zimenezo ndinasankha ndekha, ndipo sindidandaula. Koma pa Kom Ombo paja ndinkayesa mubwera kudzandinyamulira chikwama. Masitepe okha aja. Ndinkayenda pang'onopang'ono dala.”

Radwan anaphimba nkhope ndi manja. Bakhum sanamutonthoze. Nkhunda zitabwera anamukakamiza kudya monga achitira mwini nyumba aliyense, ndipo dzuwa litapendeka anamuperekeza mpaka pamsewu, akutsimphina. Anadikira limodzi minibasi, akukamba za mtengo wa feteleza ndi za ukwati wa Nagat. Radwan anamupempha kuti adzabwere ku ukwatiko.

“Mulungu akalola,” anatero Bakhum.

Ku ukwati sanabwere. Anatumiza nsalu ya pabedi yopetedwa ndi Teriza, yositidwa bwino, kudzera mwa dalaivala wa minibasi. Radwan anamaliza miyezi yake yotsala, analandira penshoni, n'kubwerera ku Silwa. Pa Pasaka aliyense ankaimba foni ku Naqada. Nthawi zambiri ankayankha ndi Teriza, mosangalala, n'kumuuza kuti bambo a Milad angotuluka kumene.