Chipinda cha Mpunga

Nyumba ya mayi Mwanaisha ku Linga, m'mphepete mwa nyanja, inamangidwa anthu akadagulitsidwa ngati mbuzi, ndipo mayiwo ankainyadira koopsa. Amene anaimanga ndi Khalidi, mwini zombo wochokera ku Zanzibar, ndipo mayi Mwanaisha sakanakupatsa moni osakuuza kuti m'thupi mwawo mukuyenda magazi a Khalidiyo. Choncho komiti yokopa alendo itapempha kuti nyumba zakale zitsegulidwe, iwo anavomera a Dyton, wapampando wa komitiyo, asanamalize n'komwe kulankhula.

Vuto linali chipinda cha kuseri, chopanda zenera, chokhala ndi mphete zachitsulo m'khoma. Linga yense ankadziwa kuti munkasungidwa akapolo podikira chombo. A Dyton anati alendo auzidwe zoona. Mayi Mwanaisha anakana kwamtuwagalu. Dzina la agogo awo silikanadetsedwa pamaso pa anthu ovala makabudula. Munkasungidwa mpunga, basi. Nanga mpunga amaumangirira pa mphete? Palibe amene analimba mtima kuwafunsa.

Alendo oyamba anafika Loweruka dzuwa lili paliwombo, asanu ndi awiri. Mayiwo anawaonetsa chitseko chosemedwa maluwa ndi miphika ya mkuwa, kenako anatsegula chipinda chija, chimene chibadwire chawo anali asanachionepo chotsegula. Munali mozizira ngati m'mtsuko. Alendo analowa, anajambula, anamvetsera nkhani ya mpunga akugwedeza mitu. Mayi Mwanaisha mantha anawagwira, ankangofuna atseke msanga. Anaima pakhomo atagwira chitseko.

"Tulukani nonse tsopano," anatero. "Pasatsale munthu."

Mawu amenewo anali asanalankhulidwepo pakhomo limenelo.

Alendo anatuluka onse asanu ndi awiri, nsapato zawo zikugogoda. Mayi Mwanaisha anakankha chitseko, koma chinakana. Pakhomopo pankadutsabe anthu. Sankaoneka, koma mapazi opanda nsapato ankamveka akukhwekhwereza pansi, ndi fungo la thukuta lakale, ndi kamwana kakutsokomola. Mphepo ya matupi awo inkagwedeza mpango wa mayiwo. Anawerenga kufika makumi anayi n'kuleka. Panja alendo ankaseka, akujambula mtengo wa mango.

Wotsiriza sanadutse. Anaima pafupi kwambiri, mpweya wake ukufika patsaya pa mayiwo. Anali munthu wamkazi, ndipo analankhula motsitsa, mawu ake ofanana ndendende ndi a malemu amayi awo.

"Khalidi sankabereka, mwanawe. Anandigula ndili ndi pakati, n'kundilanda khanda. Ife tikupita kwathu."

Chitseko chinapepuka m'manja mwawo. Mayi Mwanaisha anafuna kufunsa kuti kwawoko n'kuti, koma pamene mawu amabwera, mapazi aja anali atafika kale kumsewu.