Chitseko cha Nyumba ya Harlan

Tessa anakankha chitseko ndi phewa, koma chinakana. Chimwalirire bambo ake, a Harlan Pruitt, chitseko chachikulu cha nyumba yawo ya alendo chinkangokhula pansi, mphepo ya m'mapiri a Wyoming n'kumalowa ngati kwawo.

"Uthyoka phewa iwe," anatero Wade, mchimwene wake. "Nyumba yapita ndi mwini wake. Wogula uja akubwera mawa."

"Kuti adzagumule? Mitengo iyi agogo anakoka ndi akavalo, achimwene, n'kusema okha ndi nkhwangwa."

"Ndiye alendowo azidzafunda mbiri ya agogo? Tatseka kaye chitsekocho, tione."

Amayi awo anali pampando, chipewa cha malemu chili pamiyendo. "Mphamvu zokangana ndilibe, ana inu," anatero. "Chikapanda kutsekeka pofika mawa, ndisaina zogulitsa nyumbayi."

Tessa anagwidwa ndi mantha. Anabadwira m'nyumba imeneyi, ndipo kwina kulikonse ankakhalako ngati wodutsa. Anapala chitseko m'munsi, anamenya mahinji mpaka kudziphwanya chala, koma ayi ndithu. Analira ndi ukali, kukwiyira bambo aja ouma pakamwa, amene sanaphunzitsepo mwana ngakhale kukhoma msomali.

Ali mkati molira anakumbukira matope. Chaka chilichonse chipale chofewa chikasungunuka, nthaka n'kutitimira, bambo ankakwawira kunsi kwa nyumba n'kutulukako ali matope okhaokha, osanena chimene achita. Chaka chino nyengoyo inawapeza ali m'chipatala.

Tessa anatenga tochi n'kukwawira kunsi kwa nyumba chamimba. Pansi pa mtanda wonyamula khomo anapeza jeke wachitsulo wotukulira mtandawo, wopakidwa girisi. Sipanala yake bambo anali atailumikiza ku paipi yaitali, yoti ngakhale wamanja ochepa mphamvu apotokole. Pamsomali panakolekedwa magolovesi atsopano, aang'ono, oti Wade sakanalowetsamo ngakhale zala zitatu.

Anawavala, ndipo anamukwana. Anakoka paipi, mitengo n'kubuula pamwamba pake. Anakokanso, mpaka anamva mapazi a amayi ake, kenako chitseko chikutsekeka bwinobwino.

Tessa atatuluka, Wade anangoyang'ana kumbali. Amayi anatsika pakhonde, anagwira dzanja la Tessa n'kulitembenuza, akusisita chikopa cha golovesi.

"Kani n'chifukwa chake," anatero motsitsa. "Bambo ako asanapite kuchipatala anandifunsa ngati manja ako ali ngati anga. Ndinawaseka."