Waya Wopotera Kumanzere

"Osati uyo, alamu," ndinatero, ndikukankha kachitini ka fodya komwe Keziya anaika patebulo akuti muli waya. "Waya wa gitala ndagula kale ku Ndola."

Ndinamuonetsa: waya wofewa, wa tinsinga tamkuwa tambirimbiri, wovekedwa kaukonde kunja kuti asamatole phokoso. Ndinazungulira masitolo atatu kuti ndimupeze. Ndinagulanso kachitsulo kamagetsi kosungunulira mtovu, kosongoka ngati pensulo, ndi mtovu wake wokhala ndi utomoni m'kati. Chitsulo changa chakale chotenthetsa pambaula n'chomatira zidebe, ndipo asidi wake amadya waya pang'onopang'ono mpaka kuduka. Zonsezi ndinamufotokozera osasiyako, ngakhale sanandifunse. Ine ndikachita mantha ndimalongolola.

Munali mu Okutobala 1964. Komboni yonse ya Wusakile inali kalikiliki kukonzekera ufulu wa dziko, mbendera zatsopano zili lendelende pamawindo. Laston, mwamuna wa Keziya, anali mnzanga wa pamtima; tinakwera lole imodzi kuchokera ku Katete kudzafuna ntchito kumigodi. Gitala yamagetsiyo anasema yekha ndi thabwa la mukwa kuti adzaimbe pa tsiku la ufulu. Anamwalira mu Juni, mawaya asanalumikize.

Mwala unamuphwanya mwendo pansi pamgodi. Anakwawa mpaka pa belu loitanira chikepe, nakoka, nakokanso, koma kumwamba sikunalire kanthu. Pomwe anzake ankamupeza, magazi anali atatha. Ofufuza anati mwala womwewo ndiwo unadula waya wa belu, nkhani n'kuthera pomwepo. Zoona zake ndinazibisa. Wamagetsi woyang'anira mabelu amenewo ndinali ine. Lachisanu lina ndikulumikiza wayayo, chitsulo chinandizizirira, shifiti n'kutha. Ndinangomupota ndi pulayazi, n'kukulunga tepi, ndikuti mtovu ndidzathira Lolemba. Malolemba anadutsa asanu.

"Tsegulani, ba Obadiah," anatero Keziya. "Muone chabe."

M'kachitinimo munali tizidutswa tiwiri ta waya wofiira, wa nsinga imodzi yolimba. Nsonga zake zinali zopindikapindika pomwe zinamasukana, tepi wakuda akadamatirira. Mwala sudula motero.

"Ba Laston anawapeza nazo m'manja," anatero Keziya. "Ati anali kuyesa kulumikiza. Ndifuna ziloŵe mu gitala."

"Uyu ni waya wa belu, alamu. Ni wouma. Mu gitala sagwira nchito."

"Palibiretu pomwe angakwane?"

Malo analipo, ndipo bodza linandikanika. Pali waya mmodzi wochokera pachitsulo chomangapo nsambo, wopita kumsana kwa kokwezera mawu. Ntchito yake ndi yakuti woimba akagwira nsambo, kulira kwa magetsi kuzitha. Ameneyo angakhale wouma, palibe kanthu.

Ndinayamba ndi zinazo. Ndinasenda waya wa ku Ndola, kupaka mtovu kunsonga, kulumikiza. Utsi wa utomoni unadzaza m'chipinda. Keziya anakhala pampando wa Laston, manja pamiyendo, osaphethira. Panja ana asukulu ankadutsa akuyeserera nyimbo ya fuko, aliyense ndi mawu ake.

Nditafika pa waya wofiira uja ndinapeza kuti kachidutswa kalikonse pakokha n'kakafupi. Panafunika kutilumikiza tiwirito. Ndinapala nsonga zake ndi mpeni mpaka mkuwa unawala, n'kunyamula pulayazi. Dzanja silifunsa mutu. Linapota monga lipotera masiku onse, ndipo nsongazo zinagonerana bwinobwino m'mapindo ake akale, ngati zikubwerera kwawo.

"Ba Laston anali kukamba," anatero Keziya motsitsa mawu, "kuti pa amalaiti onse a pamugodi, aja a zamagetsi, wamanzere ni mmodzi chabe. Ati waya wake ungauziŵe na mumdima, upotera kwina."

Pulayazi inali m'dzanja langa lamanzere. Ndinafuna kuiika pansi, koma zala zinakana. Miyezi inayi yonse ndinkamubweretsera makala, ndinkamukonzera mawaya a m'nyumba, iye n'kumandithokoza, kachitinika kali m'sutikesi.

"Alamu," ndinayamba, "tsiku lija..."

"Tsirizani nchito."

Ndinagunditsa kachitsulo kotentha pamfundoyo. Ndinakachotsa msanga, mtovu n'kuuma wotuwa, wa mabwampu. Mfundo yotere imanyenga maso, m'kati isanagwire. Ndinatenthetsanso, ndikuletsa mpweya, mpaka mtovu unayenderera wokha m'mapindo monse, n'kuwala ngati shilingi yatsopano.

Keziya anaŵerama n'kuiyang'anitsitsa.

"Yatha?"

"Yatha."

"Imatenga nthawi bwanji, kuthira mtovu so?"

Ndinayankha kuti, "Wani miniti."

"Wani miniti," anabwereza, akugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati wamva mtengo wa tomato pamsika. Sanalire. Ndikadakonda akadalira, kapena kundigenda ndi chitsulo chotenthacho.

Ndinalumikiza gitala ku wailesi yakale yomwe Laston anaisandutsa chokuzira mawu. Itatentha, m'nyumba munadzaza kulira kwapansipansi, kosalekeza, kofanana ndi kwa injini ya chikepe ukamaimvera uli pansi pamgodi. Keziya anatambasula dzanja n'kuligoneka pansambo. Kulira kuja kunati zii. Waya wa belu anagwira ntchito.

Anakhala choncho kanthawi, maso ali pagitala. Kenaka anachotsa dzanja, kulira n'kubwerera. Anatola kachitini kopanda kanthu kaja, n'kukakankhira mbali yanga ya tebulo, natuluka kukaanula zovala.

Ndinatsala ndekha ndi gitala ya Laston ikung'ung'udza. Ndinaika dzanja langa lamanzere pansambo, m'nyumba n'kukhala chete. Dzuŵa linapendeka, mthunzi wa chumuni cha mgodi unafika pawindo, ine ndikadali pomwepo, ndikuopa kuchotsa dzanjalo.